NYUMBA ZOSUTIRAMO CHAMBA: NGOZI IKAGWA AMALIPIRA NDANI?

Chiyambire chaka cha 2020, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano lokhudza ulimi wa chamba, mbiri yakhala ikuwanda m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi yakuti chamba anachiloleza. Anyamata obwera kuchokera ku Joni amasimba za malo amene anthu amasonkhanako kukasuta, ndipo pa mafoni pamaoneka zithunzi za nyumba za kumaiko akutali, m'mene munthu amaloŵa, nakhala pampando, naitanitsa chamba monga momwe wapaulendo amaitanitsira tiyi pa Mponela. Ena akamva zimenezi amayamba kuganiza kuti nawonso angathe kutchinga kachipinda kuseri kwa golosale ndi kupeza ndalama zamsangamsanga.

Anthu amene anaipenda nkhani ya nyumba zoterezi mosamala koposa ndi a makampani a inshuwalansi. Iwo ntchito yawo ndi kuŵerengera kuti tsoka likagwa lidzadya ndalama zingati, ndipo sakondera mbali, pakuti akalakwitsa poŵerengera amaluza ndi iwo omwe. Zinthu zimene amaziopa m'nyumba yosutiramo chamba ndi zomwezo zimene anamwino ndi madokotala amakumana nazo kuchipatala. Nchifukwa chake banja lililonse liyenera kuzidziŵa.

ZIMENE LAMULO LA MALAŴI LIMANENA

Nkhani ya chamba chololedwa ili ndi mizu yake ku Ntchisi. Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa bomalo panthaŵiyo, a Boniface Kadzamira, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti dziko liganizire zolima mtundu wa chamba wosaledzeretsa, umene amapangira zingwe, nsalu, mafuta ndi zinthu zina. Mbewuyo inayesedwa kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, ndipo mu February 2020 aphungu anavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act.

Lamulolo limalola kulima chamba pa zifukwa zitatu: kupangira mankhwala, kugwiritsa ntchito m'mafakitale, ndi kuchita kafukufuku. Chamba cha m'mafakitale sichiyenera kukhala ndi THC woposa gawo 1 pa magawo 100 alionse. THC ndiwo mankhwala a m'chamba amene amazunguza bongo. Aliyense wofuna kulima, kusunga, kunyamula kapena kugulitsa ayenera kuyamba watenga chiphaso ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Mu 2024 aphungu anavomerezanso kuti chamba cha kuno kwathu chizilimidwa ndi anthu okhala ndi chiphaso, komabe pa zifukwa zomwe zija.

Kusuta chamba pofuna kusangalala sikunaloledwe. Wopezeka nacho wopanda chiphaso amamangidwa ndi kuzengedwa mlandu potsata lamulo loletsa mankhwala oopsa, ndipo palibe ofesi ya Boma imene imapereka chilolezo chotsegulira nyumba yosutiramo chamba. Motero chipinda chilichonse, chisakasa kapena shabini imene anthu amasonkhanamo kugula ndi kusuta chamba ili kunja kwa lamulo.

MMENE ZILILI KUMAIKO ENA

Ku Netherlands kuli nyumba zotchedwa coffeeshop, zimene boma la kumeneko lakhala likuzilekerera kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Malamulo ake ngokhwima: munthu mmodzi sagulitsidwa chamba choposa magalamu 5, wosakwana zaka 18 saloledwa kuloŵa, moŵa sagulitsamo, ndipo kulengeza malonda nkoletsedwa. Ku America, dera la Nevada linapanga lamulo lolola nyumba zotere mu 2021, koma yoyamba yokhala ndi chiphaso cha boma la deralo inatsegulidwa mu mzinda wa Las Vegas mu February 2024, patapita zaka pafupifupi 3. Ku California bwanamkubwa Gavin Newsom anakana kusaina lamulo lolola nyumbazi kugulitsa zakudya mu 2023, poopa kuti antchito azidzapuma utsi tsiku lonse. Anadzasaina chaka chotsatira ataonjezamo mfundo zoteteza antchitowo, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2025.

Za ku South Africa ziyenera kumveka bwino, popeza kumeneko kuli Amalaŵi ambiri. Mu September 2018 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti munthu wamkulu angathe kulima ndi kusuta chamba chake pamalo ake obisika, ndipo mu May 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lotsatira chigamulocho. Kugulitsa chamba chosuta kudakali mlandu, ndipo kusutira pagulu kapena pamaso pa ana nkoletsedwa.

INSHUWALANSI NCHIYANI?

Inshuwalansi ili ngati nkhokwe ya mudzi imene banja lililonse limathiramo chimanga pang'ono, kuti amene nyumba yake yapsa adzatapemo. Munthu amapereka ndalama ku kampani mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo kampaniyo imalonjeza kuti tsoka lotchulidwa m'panganolo likagwa idzalipira. Kuno makampaniŵa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Inshuwalansi imene anthu ambiri amaidziŵa ndi ya galimoto, yomwe lamulo la pamsewu limakakamiza mwini galimoto kapena njinga yamoto kukhala nayo, kuti wogundidwa adzalandire chipukuta misozi.

Pali mfundo zitatu zimene sizisintha kulikonse. Yoyamba njakuti ngozi ikakhala yaikulu ndalama zolipira zimakweranso. Yachiŵiri njakuti wogula inshuwalansi ayenera kunena zoona zokhazokha za ntchito imene amachita. Akabisa kanthu, kampani ili ndi ufulu wokana kulipira. Yachitatu njakuti ntchito yophwanya lamulo siitetezedwa ndi inshuwalansi iliyonse.

NGOZI ZIMENE AMAZIŴERENGERA

1. Ngozi ya pamsewu

Wosuta chamba amayamba kuchimva m'mphindi zoŵerengeka, ndipo mphamvu yake imakhala m'thupi maola 2 kapena 3, mwinanso kupitirira. Panthaŵiyo manja ndi miyendo zimachedwa kumvera, maso amalephera kuyeza bwino kutalika kwa mtunda, ndipo maganizo amayendayenda. Akaphatikiza ndi moŵa vutolo limakula kwambiri. Mwini nyumba yosutiramo amaopa kuti mlendo wake akatuluka nakagunda munthu, abale a wovulalayo adzamsumira iyeyo chifukwa chomulola kuchoka ali woledzera. Chovutanso nchakuti palibe kachipangizo kapafupi koyezera kuledzera kwa chamba monga kamene apolisi amapumitsira oledzera moŵa. THC amatha kupezeka mumkodzo patapita masiku kapena masabata, kotero kuti nkovuta kutsimikiza kuti munthu analedzera liti ndiponso kuti. Mlandu wotere umatenga nthaŵi yaitali ndi ndalama zambiri.

2. Utsi

Utsi wa chamba uli ndi phula ndi ziphe zambiri zofanana ndi za mu utsi wa fodya. Umayabwa m'mapapo, umayambitsa chifuwa chosatha ndi makhololo, ndiponso umadzutsa mphumu. Mu 2015 akatswiri a pa Johns Hopkins University ku America anaika anthu osasuta m'chipinda chotseka pamodzi ndi osuta kwa ola limodzi. Atawayeza anapeza THC m'magazi ndi mumkodzo mwawo, ndipo ena anaonetsa zizindikiro za kuledzera pang'ono. Wantchito wa m'nyumba yotere amapuma utsiwo maola ambiri tsiku ndi tsiku, choncho a inshuwalansi amafuna kuti mukhale makina otulutsa utsi, ndiponso amaŵerengera kuti wantchitoyo akadzadwala adzafuna chipukuta misozi. Kuno kwathu pali choopsa china choonjezera: anthu akathithikana m'kachipinda kopanda mazenera, nakhosomola ndi kulandirana ndudu imodzi, chifuwa chachikulu cha TB chimafala mosavuta.

3. Chamba chodya

M'nyumba zina chamba amachiika m'makeke, m'maswiti ndi m'zakumwa. Chamba chodya chimachedwa kugwira: pamatha kupita mphindi 30 kufikira maola 2 munthu asanamve kanthu. Wosadziŵa amayesa kuti wadya chochepa, naonjezera, ndipo chonsecho chimadzamugwira nthaŵi imodzi kwa maola ambiri. Mtima umathamanga, amachita mantha aakulu, amasanza, ndipo ena amagwa pansi akaimirira. Kwa wodwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi zimenezi nzoopsa. Apa mpamene pamafunika inshuwalansi ya katundu wogulitsidwa, pakuti chamba chikakhala champhamvu kuposa mmene analembera, kapena chikakhala ndi nkhungu kapena mankhwala ophera tizilombo a kumunda, wogulitsa ndiye amayankha mlandu.

4. Matenda a maganizo

Ngozi iyi ndiyo yolemera koposa kwa mabanja. Mu 2019 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet Psychiatry inafalitsa kafukufuku amene anachitika m'malo 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil. Anapeza kuti kwa osuta chamba tsiku ndi tsiku mpata wodwala misala unali waukulu pafupifupi katatu poyerekeza ndi amene sanasutepo, ndipo kwa osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku ndi tsiku unali waukulu pafupifupi kasanu. Si wosuta aliyense amene amadwala, koma palibe angadziŵiretu kuti adzadwala ndani. Amene ali pangozi yaikulu ndi oyamba kusuta ali aang'ono ndiponso amene kumtundu kwawo kuli matenda a maganizo. Mlendo akayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kapena kuganiza kuti anzake akumupangira chiŵembu, angathe kudzivulaza kapena kuvulaza ena pamalo pomwepo.

5. Ana ndi achinyamata

Bongo wa munthu umapitirira kukhwima kufikira zaka pafupifupi 25. Mwa anthu 10 amene amayamba kusuta chamba, mmodzi amafika polephera kuleka. Mwa oyamba ali achinyamata, ndi mmodzi mwa 6. Chamba chimafooketsa mphamvu yokumbukira ndi yophunzira. Mayi woyembekezera akamasuta, mwana angabadwe wochepa sikelo, ndipo THC amaloŵanso mumkaka wa m'maŵere. Mwana wamng'ono akatola keke ya chamba nadya amagona tulo tosadzuka msanga ndipo angavutike kupuma. Pa chifukwa ichi nyumba za ku Nevada sizilola munthu wosakwana zaka 21, ndipo kampani ya inshuwalansi imafunsa mmene mwini nyumba amatsimikizira zaka za oloŵa.

6. Moto ndi umbava

Pamene anthu ambiri akuyatsa machesi ali oledzera, moto sukhala patali. Komanso malo okhala ndi chamba ndi ndalama zambiri za m'manja amakopa akuba. Choncho pamafunika inshuwalansi ya nyumba, ya katundu ndi ya ndalama.

CHIFUKWA CHAKE MAKAMPANI AMAZENGEREZA

Mwini nyumba yosutiramo chamba kumaiko kumene nzololedwa amafunika mapangano osachepera asanu: la nyumba ndi katundu, la alendo ovulala pamalopo, la zinthu zimene amagulitsa, la antchito ake, ndi la anthu akunja ovulazidwa ndi mlendo woledzera. Ngakhale atakhala ndi ndalama, kupeza kampani yovomera nkovuta. Ku America, pamene madera ena ankaloleza chamba, lamulo la dziko lonse la 1970 linapitirira kuchiletsa, ndipo mu 2015 msika wotchuka wa inshuwalansi wa Lloyd's ku London unauza mamembala ake kuti aleke kuteteza malonda a chamba a m'dzikolo. Chifukwa china nchakuti malondaŵa ngatsopano. Za ngozi za galimoto ndi za moŵa makampani ali ndi ziŵerengero za zaka zambiri, pamene za nyumba za chamba ali nazo zochepa. Kampani ikalephera kuyeza bwino ngozi imakweza mtengo, kapena imalemba m'pangano kuti matenda obwera chifukwa cha utsi ndi ngozi za oledzera sidzalipira.

NANGA KU DOWA NDI KU NTCHISI?

M'maiko aja muli malamulo, oyendera malo, makina otulutsa utsi ndi alonda a pakhomo, komabe akatswiri oŵerengera ngozi amaopa. M'kachipinda kobisika pa malo a malonda kapena m'chisakasa cha kudimba mulibe chilichonse mwa zimenezi. Wosuta sadziŵa mphamvu ya chamba chimene wagula, ndipo kaŵirikaŵiri amachiphatikiza ndi kachasu. Popeza malowo ngoletsedwa, palibe kampani ingawateteze. Mwini nyumba amene anagula inshuwalansi ya golosale yake, nabisa kuti kuseri amasutitsa chamba, tsiku limene moto udzabuke adzapeza kuti ndalama zimene ankapereka zinapita pachabe.

Tsoka silinunkha, ndipo likagwa ndalama zake zimachokera m'thumba la banja. Misewu ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi njokhotakhota, yotsetsereka, ndipo nyengo ya dzinja imaterera. Wakabaza akasuta nanyamula mayi wopita kusikelo ndi mwana kumbuyo, miyoyo itatu ili m'manja ochedwa kugwira mabuleki. Njinga zamoto zambiri za kabaza zilibe inshuwalansi, kotero kuti wovulala alibe kokadandaula koposa kwa mfumu kapena kupolisi, ndipo chimene angalandire ndi mbuzi kapena ndalama zochepa zosonkhedwa ndi abale. Ngakhale njinga ikhale ndi inshuwalansi, mapangano ambiri amanena kuti kampani sidzalipira kuonongeka kwa njingayo ngati woyendetsa anali ataledzera, ndipo kuyendetsa utaledzera ndi moŵa kapena mankhwala ozunguza bongo ndi mlandu.

Chimodzimodzinso ndi moto. Kanyenyeswa ka ndudu kotayidwa m'chigafa chodzaza ndi fodya wouma kangathe kumaliza thukuta la chaka chonse m'mphindi zochepa, ngongole ya feteleza idakalipo.

Mnyamata akadwala misala, chithandizo m'zipatala za Boma nchaulere, koma ulendo si waulere. Amayambira kuchipatala chaching'ono, natumizidwa kuchipatala chachikulu cha pa Dowa kapena pa Ntchisi, ndipo matenda akakula angatumizidwe ku Zomba Mental Hospital, mtunda wa makilomita oposa 300. Pamafunika ndalama zoyendera, chakudya cha womudikirira, ndiponso munthu wina wolima m'malo mwa aŵiriwo. Izi zikachitika nyengo yopalira, njala imaloŵa m'nyumba chaka chotsatira. Ambiri mwa amene amasenza katunduyu ndi amayi, akazi ndi alongo, anthu amene sanasuteko nkamodzi komwe.

KWA ALIMI OFUNA CHAMBA CHOLOLEDWA

Mlimi kapena kopaletivu yokhala ndi chiphaso ili pa ntchito yovomerezeka, ndipo ingathe kukambirana ndi kampani ya inshuwalansi za moto, umbava, matalala ndi kuvulala kwa antchito. Koma ulimiwu umafuna chuma: mu 2020 mtengo wa chiphaso cholimira chamba cha mankhwala unaikidwa pa madola a ku America 10,000, ndipo cha m'mafakitale pa madola 2,000. Asanasonkhe ndalama, alimi ayenera kufunsa alangizi a zaulimi, kuona chiphasocho ndi maso awo, kudziŵa wogula mbewuyo ndi mtengo wake, ndi kupempha kuti pangano lililonse liŵerengedwe m'Chicheŵa pamaso pa gulu. Safunsa anadya phula. Ayeneranso kukumbukira kuti chiphaso cholimira sichipereka ufulu wosuta kapena wogulitsa kwa osuta.

ZOYENERA KUCHITA PABANJA NDI PAMUDZI

1. Makolo ayenera kuuza ana awo momveka kuti chimene chinaloledwa ndi ulimi wa chiphaso, ndi kuti kusuta kudakali koletsedwa.

2. Wapaulendo asakwere njinga kapena galimoto imene woyendetsa wake ali ndi maso ofiira, akununkha utsi wa chamba, kapena akulankhula zosalongosoka. Kudikira ina nkwabwino koposa kugonekedwa m'chipatala.

3. Mwini nyumba yochititsa lendi adziŵe zimene zikuchitika m'nyumba mwake, pakuti moto kapena mlandu ukabuka nayenso adzakhudzidwa.

4. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana, ndi wodwala mphumu, TB kapena mtima asakhale m'chipinda chimene ena akusutiramo.

5. Munthu akayamba kusoŵa tulo, kulankhula yekha, kukayikira abale ake popanda chifukwa, kuleka kusamba, kapena kusiya sukulu ndi ntchito, apite naye kuchipatala msanga. Asamangidwe ndi zingwe, asamenyedwe, ndipo nthaŵi isathere poombeza. Pofotokoza kwa dokotala abale anene zoona za chamba ndi moŵa, pakuti azaumoyo ntchito yawo ndi kuchiza, ndipo chithandizo choyamba msanga chimathandiza kwambiri.

6. Mwana akadya chinthu chokhala ndi chamba, kapena munthu wamkulu akakomoka, akamva kupweteka pamtima, kapena akamasanza kosalekeza, athamangire naye kuchipatala nthaŵi yomweyo. Wokomokayo amugoneke cham'mbali ndipo asamumwetse kanthu.

7. Wofuna kuleka adziŵe kuti masiku oyamba amakhala wosachedwa kupsa mtima, amasoŵa tulo ndiponso chakudya sichikoma. Zimenezi zimachepa pakapita sabata imodzi kapena ziŵiri. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi angamuuze kumene angapeze uphungu, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu ofuna kusiya moŵa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Mafumu, makomiti a zaumoyo a m'midzi, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a kabaza ali ndi mbali yaikulu pa ntchito imeneyi. Kumene kulibe kampani yolipira ngozi ikagwa, chitetezo chimene chatsala ndicho kuipeŵa isanagwe, ndipo kupeŵako kumayambira pakhomo, pabwalo la mfumu ndi pa siteji ya njinga.